Mbande Zawonongeka

1. Mtsuko wa pabolodi

M'chaka cha 1956, Lestina Muhiwa anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anali mu Sitandade 6 pasukulu ina ya mishoni, m'malire a esiteti ya tiyi ku Thyolo. M'kalasimo munali anyamata khumi ndi anayi, atsikana awiri okha.

Bambo ake, a Fackson Muhiwa, anali kapitawo woyang'anira nazale, malo amene ankaleleramo mbande za tiyi. Chifukwa cha ukapitawowo, banja lawo linkakhala m'nyumba ya njerwa kumapeto kwa kompaundi.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, aphunzitsi a Yesaya analemba pabolodi kuti anandithyolera.

"Pamenepa pali mawu angati?" anafunsa.

"Amodzi," kalasi inayankha.

"Kwa munthu wongodutsa ndi amodzi. Koma inu ndinu ana a m'tiyi. Mukudziwa kuti mtengo uli ndi tsinde, ndipo patsindepo pamamera zina."

Anadula mawuwo ndi choko: a-na-ndi-thyol-er-a.

"Tsinde lake ndi -thyola. Tizidutswa tinati ndi aphatikiri, chifukwa timaphatikidwa kutsinde. A- akutiuza amene wagwira ntchito. -Na- akutiuza kuti ntchitoyo inachitika kale. -Ndi- akuloza ine. Nanga -er- walowa chakumapetoyu akutani?"

Lestina anakweza dzanja. "Akutiuza kuti munthuyo sanathyole zake, anathyolera wina."

"Ndi zomwezo. Kumeneko timati msintho wa mneni."

A Yesaya sankakonda kutchula zinthu zimenezi m'Chingerezi monga ankachitira aphunzitsi ena. Ankati mwana wosadziwa mafupa a chiyankhulo chake sangadziwe a chiyankhulo cha eni. Anafufuta bolodi nalemba ziganizo zitatu:

Mwana waswa mtsuko.
Mtsuko waswedwa ndi mwana.
Mtsuko wasweka.

"M'chiganizo choyamba, mneni ndi waswa," anatero. "Mwininkhani, amene tikumukamba, ndi mwana. Pamtherankhani, pamene ntchito yakathera, ndi mtsuko. M'chachiwiri mtsuko walanda mpando wa mwininkhani, koma mwana akuonekabe kumbuyoku. Umenewo ndi msintho wochitidwa. Nanga m'chachitatu mwana ali kuti?"

"Wathawa," anayankha Mabvuto, mnyamata wokhala kumbuyo. Kalasi inaseka.

"Wathawadi. Kamphatikiri aka, -ek-, kamubisa. N'chifukwa chake timati msintho wam'chibisira. Ntchito yachitika, koma wochita sakuoneka. Mawa aliyense abweretse ziganizo zitatu zotere. Musankhe mneni wanu. Mtsuko wangawu muusiye."

2. Mthunzi wa m'nazale

Masana amenewo inali ntchito ya Lestina kudyetsa mbuzi zitatu zakwawo. Dzuwa la Okutobala linali litawotcha udzu wonse wa pafupi ndi kompaundi. Msipu wobiriwira unatsala malo amodzi okha, m'mbali mwa mpanda wa nazale, kumene madzi othirira mbande ankatayikira.

Lamulo la paesiteti linali lodziwika: mbuzi ya wantchito isawoloke msewu wopita kufakitale. Lestina anayang'ana uku ndi uku, sanaone munthu, nawolotsa mbuzi.

Nazale ankaithirira ndi kuilonda ndi mai Marita, mayi wamasiye amene ankakhala ndi mwana wake mmodzi, Teleza. Masanawo mai Marita anali atapita ndi Teleza kuchipatala chaching'ono cha paesiteti chifukwa cha chifuwa. Chitseko cha nsungwi anachimanga ndi luzi.

M'katimo munali mozizira bwino. Pamwamba pa mbande panali denga la udzu, pansi dothi lonyowa. Lestina anamangirira mbuzi pachitsa cha bulugama mothamanga, namasula luzi lija, nalowa ndi kope lake. Chitseko anachisiya chotsekula.

Anakhala pandowa yovundikira nayamba kufuna mneni. Anayesa -phika, sanaukonde. Anayesa -ng'amba, nalemba chiganizo chimodzi, nafufuta. Atadzutsa mutu anamva kutafuna.

Mbuzi zonse zitatu zinali m'kati, chingwe chikukwekwereka pambuyo. Zinali zitadya nsonga za mbande ndi kupondereza zina m'matope. Mabedi anayi a mbande anali atatha. Mbande zimenezo zinaleredwa chaka ndi theka, ndipo zinkayembekezera mvula yoyamba kuti zikawokedwe kumunda watsopano.

Lestina anatulutsa mbuzi, namanganso chitseko, nathamangira kunyumba.

3. Kalata ya kapitawo

A Fackson anafika dzuwa lisanalowe. Mai Marita anali atawaonetsa kale mabedi aja. Asanakhale pansi, Lestina anagwada pakhonde nawauza zonse. Mayi ake, a Esnat, anaima pakhomo la khitchini.

A Fackson sanamumenye. Anakhala pampando, navula chipewa, nayang'ana mbuzi zimene zinali kubzikula pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Tenga pepala," anatero.

Iwo sukulu analekezera Sitandade 1. Kuwerenga ankatha pang'onopang'ono, koma kulemba kunkawavuta. Kwa zaka ziwiri tsopano, makalata awo onse opita kuofesi ankalemba ndi Lestina.

"Lemba kuti, Bwana, mbande za m'mabedi anayi zawonongeka Lachiwiri masana. Pansipo ulembe dzina langa."

Lestina anagwira pensulo osalemba. "Ababa, nanga akafunsa kuti wawononga ndani?"

"Tamvera, iwe mwana. Ine ndinafika kuno ndili wamng'ono kuposa iwe. Tinachokera kutsidya kwa malire, kwa Apwitikizi, tikuyenda pansi masiku asanu ndi anayi, amayi anga atasenza mphika umodzi. Ndagwira khasu paesiteti pano zaka makumi awiri ndisanavale chipewa ichi. Nyumba ukugonamoyi si yathu. Munda wa chimanga uwo si wathu. Ngakhale mtengo wa mapeyalawu ndinadzala ndine, koma si wanga. Tsiku limene bwana adzamve kuti mbuzi za kapitawo zinawoloka msewu, tidzanyamula mphasa. Ndiye sukulu yakoyo udzakaiphunzira kuti? Mbuzi zilipo zambiri, za m'kompaundi muno, za m'midzi ya kuseri kwa malire a esiteti. Palibe anakuona. Pano munthu amapulumuka ndi mawu ochepa. Ndipo sitikunama ayi. Kodi mbande sizinawonongeke?"

"Zawonongeka, ababa."

"Basi lemba zomwezo."

Lestina analemba. A Fackson anapinda pepalalo naliika m'thumba la malaya.

Kusanade, Lestina anatsekula kope kuti amalize ntchito ya kusukulu. Mneni wina aliyense anakana kubwera m'mutu mwake. Analemba umene unalipo.

4. Chinangwa chosakhwima

Lachitatu Lestina anapereka kope lake pamodzi ndi anzake. Akuweruka anadzera njira ya kumunsi kwa kompaundi, kumene kunali nyumba zaudzu. Anapeza mai Marita akuzula chinangwa kuseri kwa nyumba yawo. Teleza anakhala pamphasa akutsokomola.

"Zikomo amayi," anatero Lestina. "Chinangwachi mukuzuliranji? Sichinakhwimetu."

"Ndichisiyire yani, mwanawe? Andiuza kuti pofika Loweruka ndikhale nditachoka."

Lestina anayang'ana timizu tija. Tinali ngati zala.

"Mmawa uno anandiitana kuofesi," anapitiriza mai Marita. "Bwana anawerenga kalata ya abambo ako, nafunsa kuti amalonda nazale ndani. Kalata sinatchule munthu, ndiye anatchula ine. Akuti ndinasiya ntchito n'kupita koyenda."

"Simunawauze kuti munamanga chitseko?"

"Ndinawauza. Ine mfundo yanga ndimaidziwa, ndimazunguliza kawiri. Imene ndinaipeza inali yozunguliza kamodzi. Mbuzi simasula luzi, ndiponso simanga. Koma mawu a mayi wothirira mbande ndi kalata ya kapitawo, cholemera n'chiti?"

Anakutumula dothi kuchinangwa nachiponya m'dengu.

"Mupita kuti, amayi?"

"Sindidziwa. Abambo a Teleza agona kumanda a pompano. Kumene ndinabadwira ndinachokako ndili kumbuyo kwa amayi anga, palibe angandizindikire. Tikayesa ku Thekerani, mwina wina angatibwereke pogona."

Mai Marita sanamuyang'ane n'komwe. Anagwira tsinde lina nayamba kuligwedeza. Lestina anatsanzika ndi mawu osamveka bwino.

5. Msintho wachinayi

Lachinayi a Yesaya anabweza makope onse kupatula limodzi. Belu loweruka litalira anati, "Lestina, utsale."

Anzake atatuluka, aphunzitsi anatsekula kope lija naliika patebulo. Ziganizo zake zinali izi:

Mbuzi zawononga mbande.
Mbande zawonongedwa ndi mbuzi.
Mbande zawonongeka.

"Zonse wakhoza," anatero a Yesaya. "Tandiuza mwininkhani wa chiganizo choyamba."

"Mbuzi."

"Pamtherankhani?"

"Mbande."

"Chabwino. Ntchito iyi unalemba Lachiwiri. Ine za kunazale ndazimva dzulo madzulo, kwa akazi anga, atachokera kumadzi. Sindikufunsa kuti unazidziwa bwanji wina aliyense asanamve. Ine si wapolisi. Koma khala pansi ndikuuze kanthu."

Lestina anakhala pabenchi lakutsogolo.

"Ndisanakhale mphunzitsi ndinkalembera anthu makalata pakhonde la sitolo ku Makwasa. Ndinaona anthu ambiri akubwera ndi ziganizo zam'chibisira. Wina amati ukwati wasokonezeka. Wina amati mwana wapweteka. Wina amati katundu watayika. Onsewo sankanama. Msintho umenewu uli ndi ntchito yake yabwino. Mtengo ukagwa ndi mphepo usiku, palibe woti timutchule. Koma pamene wochita alipo, iwe ukumudziwa, n'kusankha dala kamphatikiri komubisa, usaganize kuti nkhaniyo yatha. Munthu wowerenga sakhutira ndi chiganizo chopanda wochita. Amayang'ana uku ndi uku kufuna woti amuikepo. Ndipo kawirikawiri amatola amene ali pafupi, wopanda womuyankhulira. Inu amene mukuphunzira kulemba mudzakhala manja a anthu ambiri osadziwa kulemba. Makolo anu adzakutumani, mabwana adzakutumani. Cholembera sichilemera, koma tizilembo tiwiri tokha tingathe kusamutsa munthu pamudzi."

Lestina anayang'ana pansi.

"China n'chakuti chiganizo chako choyambachi, ngakhale chili cholondola, sichinafike kumapeto a nkhani. Pali msintho wina umene tiphunzire sabata yamawa. Mbuzi imadya. Nanga mbusa amatani?"

"Amadyetsa."

"Walowapo mphatikiri uti?"

"-Ets-."

"Umenewo ndi msintho wochititsa. Umaonetsa munthu amene sanagwire ntchitoyo ndi manja ake, koma popanda iye sikanachitika."

Anatseka kope namupatsa. "Pita. Ine ndilibe mawu ena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Lestina sanapite kunyumba. Anakhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa kalasi, nang'amba pepala lapakati pa kope, nalemba mizere inayi:

Ine Lestina Muhiwa ndinamasula chitseko cha nazale Lachiwiri masana. Mai Marita anali atamanga bwinobwino. Mbuzi zakwathu zinalowa chifukwa cha ine. Ndinawonongetsa mbande.

6. Mapepala awiri

Anayamba wapita kunazale. Bambo ake anali kuyang'anira amayi anayi amene ankasankha mbande zoti n'kupulumuka. Lestina anagwada patali pang'ono. A Fackson atayandikira, anawapatsa pepala ndi manja awiri.

A Fackson anawerenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera.

"Wakutuma ndani? Aphunzitsi ako?"

"Palibe wandituma, ababa."

"Zimene ndinakuuza zija sunazimve?"

"Ndinamva. Koma amake Teleza akuzula chinangwa chosakhwima. Akuti achoke Loweruka."

A Fackson anayang'ana amayi aja, amene tsopano anali atasiya ntchito. Anatsitsa mawu. "Nkhani ya Marita ndikanaikonza ndekha. Ndikanamupezera malo kwina."

"Kuti, ababa?"

Pepala linali m'manja mwawo, ndipo akanatha kuling'amba. Analipinda kawiri, naligwira kanthawi, kenaka analiponya pansi patsogolo pa mwana wawo.

"Usadzanene kuti sindinakuuze."

Lestina anatola pepala nalunjika kuofesi. Atafika pamsewu wa kufakitale anacheuka. Bambo ake anali kubwera pambuyo, chapatali.

Kalaliki wa paofesi, a Edson, anamuyang'ana modabwa. Ana asukulu sankafika pakhonde limenelo. Atawerenga pepala anakweza nsidze, nalowa nalo m'kati. Posakhalitsa anatulukanso naitana Lestina pamodzi ndi bambo ake, amene anali atangofika.

Bwana wa esiteti anali Mzungu wamtali, wa tsitsi lotuwa. Chinyanja ankachimva, koma cha pamwamba chabe. Anatulutsa kalata ya Lachiwiri ija naiika pambali pa yatsopanoyi.

"Dzanja limodzi," anatero, akuloza zilembo. "Walemba zonse ndiwe?"

"Inde, bwana."

Anaika chala pa zawonongeka, kenaka pa ndinawonongetsa. "Edson, mawu awa ndi amodzi. Kusiyana n'chiyani?"

"Tsinde ndi limodzi, bwana," anatero a Edson. "Koma loyambali likuti zinthu zinangochitika. Lachiwirili lili ndi munthu m'kati."

Bwana anatembenukira kwa a Fackson. "Kapitawo, unadziwa?"

A Fackson anavula chipewa. "Ndinadziwa, bwana. Kalata yoyambayo mwana analemba mawu anga."

Bwana anayankhula ndi a Edson m'Chingerezi. Lestina anamva mawu ena, ena anamudutsa. Kenaka a Edson anamasulira.

Mai Marita sachoka, abwerere kuntchito mawa. Mbuzi zichoke paesiteti pofika Loweruka. Lestina azigwira ntchito m'nazale masana alionse akaweruka, mpaka mvula itagwa. A Fackson atule chipewa cha ukapitawo, akathyole tiyi ndi dengu kumsana kwa miyezi itatu. Za nyumba ya njerwa, bwana adzaona miyeziyo ikatha.

A Fackson anaika chipewa patebulo la a Edson natuluka osayang'ana munthu.

7. Uthenga wa ku Khwethemule

Lachisanu mmawa, ana opita kusukulu anaona a Fackson ali pamzere wa othyola tiyi, dengu kumsana. Anthu amene dzana ankawavulira chipewa anali kuwaonetsa pothyola. Mabvuto anafuna kunena kanthu, koma atayang'ana nkhope ya Lestina anangotseka pakamwa.

Masana Lestina anapita kunazale. Mai Marita anamupatsa ndowa. Atathirira mabedi asanu ndi limodzi, mayiwo anamuitana kuchitseko namuonetsa kamangidwe kawo ka luzi, kozunguliza kawiri.

"Chinangwa chija ndachiyanika," anatero. "Mitengo yake ndidzabzalanso mvula ikagwa. Abambo ako ali bwanji?"

"Sakundiyankhula."

"Mtima wa bambo suphwa tsiku limodzi. Uziwapatsabe madzi osamba."

Loweruka mbuzi zinapita ndi munthu wina wa ku Thekerani. A Fackson anaweruka zala zitatupa, chifukwa panali patapita zaka zambiri asanathyole tiyi. Lestina anawaikira madzi kubafa. Atasamba, a Fackson anakhala pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kuofesi anamuitana ndi dzina.

"Lestina."

Anabwera nagwada. A Esnat anali kupeta nandolo pabwalo.

"Mawa ukatuluka m'tchalitchi upite ku Khwethemule. Ukaitane amalume ako a Bizwick."

A Esnat anasiya kupeta. A Bizwick anali mlongo wawo wamkulu, mwini mbumba, ndipo mawu awo pa ana a m'banjamo anali omaliza. Ulendo wathawu atabwera, ananena kuti mtsikana wotha msinkhu sakhala pabenchi limodzi ndi anyamata, ndiponso kuti telala wina wakwawoko wakhala akufunsa za Lestina. Tsiku limenelo a Fackson ndi amene anakana, nati mwana wawo ayambe walemba mayeso. Tsopano mayesowo anali atatsala masabata asanu.

"Abambo a Lestina," anayamba a Esnat.

"Ndikuyankhula ndi mwana."

"Ndikawauze kuti chiyani, ababa?"

A Fackson anayang'ana zala zawo zotupa zija.

"Ukawauze kuti ndikufuna kumva bwino za telala uja."